Kampani ikuti 60-40 kwa aliyense, koma madalaivala akukana kulowa pa sikimu ya chipatala

Mlembi wa Komiti: Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi nkhani ya kuntchito kwathu. Dzina la kampani sinditchula, mungodziwa kuti tili ku Kanengo ndipo tilipo anthu pafupifupi 80. Mpaka pano kampani yakhala ikulipira sikimu ya chipatala yonse kwa mamanijala ndi mabanja awo, ife apakati imatilipirira theka, pomwe madalaivala ndi anyamata a ku warehouse alibe kalikonse. Sabata yatha abwana anatiitana ife a komiti ya welfare n'kunena kuti akufuna kukonza zimenezi. Kuyambira Januwale aliyense alowa pa sikimu, kampani izilipira 60 peresenti, wantchito 40 peresenti, kaya ndi manijala kaya wosesa. Pulani yake izitengera giredi: akuluakulu yapamwamba, ife yapakati, otsika yotsika. Iwo akuti apa kukondera kwatha. Koma titakawafotokozera madalaivala, ambiri akuti iwo asalembedwe. A HR akhumudwa, akuti anthuwa sayamika. Tikukumananso ndi abwana Lachisanu. Tikanene chiyani?

Nachisale: Koma anthu enatu! Analibe kanthu, lero apatsidwa, akukana? Ife kuno zaka zonsezi ndi Panado wa pagolosale basi. Auzeni atipatse ifeyo.

Dalaivala Wakale: Achemwali, musathamange kutiweruza. Funsani kaye kuti dalaivalayo amatenga zingati pa mwezi akadula penshoni, msonkho, ngongole ya ku SACCO ndi advance. Si kusayamika ayi. Munthu amayang'ana thumba la chimanga, lendi ndi fizi, ndiye wina akubwera kudzadulanso pomwepo.

Akauntanti wa ku Limbe: Tiyeni tiike manambala pansi, chifukwa mawu oti "aliyense 60-40" amakoma m'khutu mpaka utatenga cholembera. Manambalawa ndi ongoyerekeza kuti masamu asavute, si mitengo ya sikimu ina iliyonse.

Dalaivala amalandira K180,000. Ali ndi mkazi ndi ana atatu, onse pamodzi anthu asanu. Pulani yotsika tinene kuti ndi K30,000 pa munthu, ndiye banja lonse K150,000 pa mwezi. Gawo lake la 40 peresenti ndi K60,000. Pa K3 iliyonse yomwe amalandira, K1 yapita ku sikimu.

Manijala amalandira K2,500,000. Nayenso anthu asanu, pulani yapamwamba tinene K120,000 pa munthu, yonse K600,000. Gawo lake ndi K240,000. Zikuoneka zambiri, koma sizikufika ndi 10 peresenti yomwe ya malipiro ake.

Tsopano yang'anani mbali ya kampani. Kwa dalaivala ikutulutsa K90,000, kwa manijala K360,000. Kanayi. Ndiye wolandira zochepa ndi amene akupwetekedwa kwambiri, komanso ndi amene akuthandizidwa pang'ono. Chofanana apa ndi nambala 60 yokhayo.

Nachisale: Iii, a Akauntanti, apa ndiye ndakhala pansi.

Mlembi wa Komiti: Manambala athu enieni sakusiyana kwambiri ndi amenewa. Mmodzi mwa anyamata a ku warehouse anandifunsa kuti, "Ndiye mukufuna ana anga azikhala ndi khadi la chipatala koma azigona ndi njala?" Ndinasowa chomuyankha.

Anambewe a HR: Ine ndimagwira ntchito ya HR, osati kampani yanuyo, ndiye ndilankhuleko za mbali inayo poti pano tonse timakonda kuponya miyala abwana. Choyamba, kuno ku Malawi palibe lamulo lokakamiza olemba ntchito kulipirira antchito sikimu ya chipatala. Zokakamizidwa ndi zina. Penshoni: lamulo la 2011, lomwe linalowedwa m'malo ndi la 2023, limati bwana aike osachepera 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, komanso pakhale inshulansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Tchuthi chodwala: Employment Act ya 2000 imati ukagwira miyezi 12 mosadukiza uli ndi masabata anayi olandira malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu olandira theka, bola pakhale kalata ya dokotala. Ukavulala pantchito pali Workers' Compensation Act, ndipo apo bwana sangathawe. Koma malungo a mwana wako, lamulo silimuuza bwana kanthu. Ndiye kampani yomwe yadzipereka yokha kuika anthu 80 pa sikimu si yoti muithire mwano. Kumbukiraninso kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023. Mankhwala ambiri ndi zipangizo za m'chipatala timagula kunja, ndiye mitengo ya masikimu siikhala malo amodzi. Makampani ena angochotseratu mabanja n'kusiya wantchito yekha.

Agogo a Union: Ndiye kuti lamulo lathu limandiikira inshulansi ndikafa, koma ndikadwala ndione ndekha. Tikuthokoza.

Mayi Nambewe, zomwe mwanenazo ndi zoona koma mwasiya theka. Bwana sakakamizidwa kupereka, inde. Koma akangoyamba kupereka, chinthucho chasanduka gawo la malipiro. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko limakamba za kuchitiridwa chilungamo pantchito ndi malipiro oyenera, ndipo gawo 6 la Employment Act limati malipiro akhale ofanana pa ntchito yofanana kulemera kwake. Sindikunena kuti dalaivala alandire ngati manijala, khoti lililonse lingandiseke. Ndikunena kuti madalaivala awiri, kapena makalaliki awiri, wina asamalipiriridwe banja wina ayi chifukwa wina ndi mphwake wa abwana kapena wina ndi mzimayi. Nkhani ngati zimenezi zimafika ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya pantchito.

Chinanso a Mlembi, mwaiwala mamanijala. Iwo amalipiriridwa zonse, tsopano azidulidwa 40 peresenti. Ngati zili mu kontirakiti yawo, kampani siingangosintha yokha popanda kukambirana nawo. Musadabwe kuti amene adzagwetse ndondomekoyi si madalaivala ayi.

Mlembi wa Komiti: Agogo mwalasa. Mamanijala ali chete koma nkhope zawo zikunena zambiri. Mmodzi wayamba kale kunena kuti vuto ndi ife a komiti.

Mnyamata wa IT: Ine funso langa ndi lina. Sindili pabanja, ndilibe mwana, chaka chimatha osapita kuchipatala. Mnzanga wa desiki limodzi, giredi imodzi, kampani imamulipirira anthu asanu ndi mmodzi. Ndiye kuti iyeyo amalandira zambiri kuposa ine pa ntchito yomweyo. Malipiro ofanana aja ali kuti? Bwanji osangotipatsa ndalamazo m'manja aliyense aone chochita?

Bambo a Takondwa: Kwatirani achimwene, vuto lithe.

Mnyamata wa IT: Ukwati wake wa mitengo ya masiku anoyi? Sikimu yake ndi iti yomwe ingandilipirire chinkhoswe?

Akauntanti wa ku Limbe: Achimwene a IT, funso lanu si lopusa, koma taganizani za thumba la maliro la kumpingo kapena kuntchito. Mumasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo simunena kuti chaka chino kwathu sikunafe munthu, ndibwezereni. Sikimu imayenda chifukwa osadwala ndi ambiri kuposa odwala. Mukachokamo inu anyamata athanzi, mutsala ife a BP ndi shuga, ndalama zotuluka zichuluka kuposa zolowa, chaka chamawa mtengo ukwera, ena athawanso. N'chifukwa chake masikimu amakonda gulu lonse lilowe pamodzi, ndipo gulu lalikulu limatha kukambirana nawo zinthu zomwe munthu payekha sangapatsidwe. Komanso ndalama ya m'manja idulidwa msonkho ngati malipiro, ndipo tonse tikudziwa kuti pofika pa 10 idzakhala itapita ku bando ndi kabaza.

Mnyamata wa IT: Zamveka, koma mayi anga ali ku Ntcheu ndi shuga, ndimawagulira mankhwala ndine. Malo asanu omwe mnzanga akudzaza ndi ana, ine sindingaikepo mayi anga mmodzi yekha. Ndi pomwe pamandiwawa.

Nachisale: Apa ndiye mwakhudza mtima wanga. Mafomu amenewa anawalembera banja la bambo, mayi ndi ana awiri lomwe timaliona pa kalendala. Ine ndikulera ana awiri a malemu mchemwali wanga. Wamng'onoyo ndinamutenga ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, sadziwa mayi wina koma ine. Komwe ndinkagwira kale a HR anandiuza kuti "ana obereka nokha basi, kapena mubweretse pepala la ku khoti." Kalata ya amfumu anaikana. Tsiku lina usiku mwanayo anatentha thupi mpaka kukomoka, ndinathamangira naye ku chipatala cholipira chifukwa ndi chomwe chinali pafupi. Pa kauntala ndinali ndi khadi langa m'manja, lokhala ndi ndalama zoti sindinazigwiritsepo ntchito chaka chonse, koma ndinachita kusiya foni kuti amuone, m'mawa mwake n'kukakongola ku banki mkhonde.

Anambewe a HR: Pepani achemwali, nkhani zotere timakumana nazo. Koma mumvenso chifukwa chake timauma mtima. Ukangotsegula chitseko kuti aliyense amene ukumusamala alowe, mawa munthu abwera ndi mayina 14. Ndipo pali ena amabwereketsa khadi, mwana wa aneba akupita kuchipatala ndi dzina la mwana wako. Zimenezo zimakweza mtengo kwa tonse. Njira yomwe ndinaiona ikuyenda ndi yoti kampani inene chiwerengero, mwachitsanzo anthu anayi pa wantchito aliyense, ndipo wantchitoyo asankhe yekha oikapo malinga ndi zomwe sikimuyo imalola. Kwa makolo achikulire mufunse bwino, chifukwa masikimu amakhala ndi malamulo awo pa zaka za munthu komanso matenda omwe analipo kale.

Bambo a Takondwa: Nanga ife a mitala? Fomu ili ndi mzere umodzi wa mkazi. Ndilembe uti kuti kunyumba kugoneke tulo?

Nachisale: Mulembe amene anavutika nanu musanapeze ntchito.

Bambo a Takondwa: Onse awiri akuti ndi iwowo.

Admin: Tiyeni tibwerere pa nkhani abale. Za mitala tsegulani ulusi wake.

Achimwene a ku Chipata: Ine ndili ku Zambia, ndione ngati zathu zingathandize. Kuno tili ndi NHIMA, sikimu ya chipatala ya dziko lonse, inabwera ndi lamulo la 2018 ndipo kudula kunayamba mu 2019. Wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, bwana naye amaikapo 1 peresenti. Chomwe ndikufuna muone ndi pomwe peresentiyo yakhala. Siili pa mtengo wa khadi, ili pa malipiro. Wolandira zambiri amasonkha zambiri, wolandira zochepa amasonkha zochepa, koma akafika kuchipatala thandizo lake ndi limodzi. Sindikunena kuti kuno ndi kumwamba, ambiri a m'makampani akuluakulu amakhalanso ndi sikimu ina ya pulayiveti pamwamba pake. Koma maganizo akewo mutha kuwabwereka pa kampani yanu.

Mlongo wa ku Joni: Kunonso ogwira ntchito m'boma ali ndi sikimu yawo yotchedwa GEMS, ndipo amene ali m'magiredi otsikitsitsa, 1 mpaka 5, akasankha pulani yotsika boma limawalipirira yonse kufika pa mlingo womwe linaika. Ndiye kuthandiza otsika kwambiri si nzeru ya chilendo. Zoti ife a m'makhitchini ndi m'magadeni a ku Randburg zimatikhudza, ayi, ife ndi ku kiliniki ya boma ndi pasipoti m'manja.

Mwini Kampani Yaing'ono: Ndalemba anthu 11, ndiye ndilankhule ngati amene amasaina macheke. Zonse mukunenazi n'zokoma, koma thumba ndi limodzi. Mukapita Lachisanu n'kukanena kuti "kampani ilipire zonse kwa otsika," abwana adzafunsa kuti ndalamazo zichokere kuti, nkhani ithera pomwepo. Mupite ndi pepala losonyeza kuti ndalama yomweyo yomwe akonza kale ingagawidwe mwa mtundu wina. Ine ndinachita motere: kampani imalipira pulani yotsika yonse kwa aliyense, ine ndemwe. Wofuna yapamwamba amaonjezera za m'thumba mwake. Amene adziwa za MASM, imodzi mwa masikimu a chipatala kuno, akudziwa kuti kuli Econoplan, Executive ndi VIP, ndipo masikimu ena nawonso ali ndi masitepe otere. Palibe chomwe chimaletsa munthu kukwera sitepe ndi ndalama zake. Chomwe ndinakana ndi choti kampani izinena kuti chiwindi cha manijala n'chodula kuposa cha mesenjala.

Anambewe a HR: Pa anthu 11 zimatheka bwana. Pa kampani yaikulu, injiniya kapena akauntanti wodziwa ntchito amafunsa za sikimu pa intavyu pomwe, ndipo ukamuuza pulani yotsika amapita ku banki kapena ku NGO. Pulani yapamwamba ndi nyambo yosungira anthu ovuta kuwapeza. Zowawa koma ndi momwe msika ulili.

Agogo a Union: Nyamboyo ikhalepo, palibe akuletsa. Koma muiwerengere ku malipiro a mamanijala, musaitchule kuti "sikimu ya tonse." Mukasakaniza ziwirizi ndi pomwe mumabisa kuti ndalama zambiri za umoyo wa antchito zikuthera kwa anthu khumi.

Ndipo tinene zoona, amene ali pafupi ndi matenda ndi ndani? Wonyamula matumba a feteleza m'fumbi tsiku lonse, woyendetsa lole usiku wonse pa M1, kapena wokhala mu ofesi ya air con? Otsikawa ndi amenenso akhala m'madera a udzudzu ndi madzi ovuta. Akadwala apita ku chipatala cha boma poti n'chaulere, aima pa mzere kuyambira m'bandakucha, mwina n'kuuzidwa kuti mankhwala kagulireni ku famase. Tsiku lonse latha, lole yaima. Ameneyo abwana amumva, chifukwa lole ikaima ndi ndalama zawo.

Dalaivala Wakale: Agogo anena. Komanso wina asaiwale shortfall. Anthu amaganiza kuti ukakhala ndi khadi basi walowa ulere. Ukafika pa windo amakuuza kuti sikimu yalipira gawo lakuti, yotsalayi perekani, ndipo pa pulani yotsika zipatala zina sakulandira n'komwe. Ndiye munthu wadulidwa K60,000 pa mwezi, akadwala akufunikanso ndalama m'thumba. Anzanga ambiri amawerengera kuti bola kusunga ndalamayo n'kumapita ku chipatala cha mishoni monga ku Likuni kapena ku Nkhoma pakavuta. Masamu awo si olakwika, mpaka tsiku lomwe pafunika opaleshoni.

Akauntanti wa ku Limbe: A Mlembi, musanapite Lachisanu pemphani zinthu izi kwa a HR kapena kwa a sikimu. Kampani yakonza ndalama zingati pa mwezi zonse pamodzi, ndipo zikugawika bwanji pa giredi iliyonse. Pulani yotsikayo imalandiridwa zipatala ziti pafupi ndi komwe anthu anu amakhala, ku Area 25, Mgona, Mchezi, chifukwa khadi logwira ntchito ku Area 10 kokha ndi chokongoletsera chikwama. Pali nthawi yodikira kwa olowa kumene, makamaka pa uchembere ndi matenda okhalitsa, ndipo ngati ilipo angaichotse poti mukulowa gulu lonse? Mtengo ukakwera chaka chamawa, kukwerako agawana bwanji? Funso lomalizali anthu amaliiwala, kenako mumapeza kampani yaima pa ndalama yakale, kukwera konse kwagwera inu.

Mukapeza manambalawo yesani masitepe atatu: otsika kampani ilipire 90 kapena 100 peresenti, apakati 70, akuluakulu 50. Kapena muike denga loti wina aliyense asadulidwe kupitirira 5 peresenti ya malipiro ake. Mudzaona kuti kuchotsa pang'ono pa makhadi okwera mtengo kumalipirira makhadi ambiri otsika mtengo.

Mayi a Mapasa: Ndiwonjezere chimodzi chomwe chinandichitikira komwe ndinkagwira kale. Pa payslip ankadula mwezi uliwonse, koma ndalamazo sankatumiza ku sikimu. Ndinadziwira pa windo la chipatala ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, mtsikana wa pa kompyuta akundiuza motsitsa mawu kuti akaunti ya kampani yanu yaimitsidwa. Kumbuyo kwanga mzere, ine manyazi ngati ndaba. Muike m'pangano kuti komiti izionetsedwa umboni wa malipiro mwezi ndi mwezi. Ndipo mufunsenso ngati mzimayi angaike mwamuna wake mosavuta ngati momwe abambo amaikira akazi awo. Kwathu kuja abambo ankangolemba dzina, ife ankatifunsa setifiketi ya ukwati ndi kalata yosonyeza kuti bamboyo sali pa ntchito.

Agogo a Union: Chimenecho ndiye tsankho lenileni, gawo 5 la Employment Act limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa choti ndi mkazi kapena mwamuna. Chimenecho musapemphe, mungowakumbutsa.

Mlonda wa Usiku: Ndawerenga zonse. Nanga ife alonda ndi amayi okolopa? Tili pa geti lomwelo zaka ndi zaka, koma amati ndife a kampani ina. Mu 80 mwanumo tilimo?

Mlembi wa Komiti: Achimwene, kunena zoona mulibemo. Alonda athu ndi a kampani ya chitetezo, okonza m'maofesi ndi a kampani inanso.

Anambewe a HR: Pamalamulo bwana wanu ndi kampani yomwe inakulembaniyo. Chomwe kampani yolandira alonda ingachite ndi kuika mu tenda kuti wopambana aziwalipirira antchito ake chithandizo cha chipatala. Koma mtengo wa kontirakiti ukwera, ndipo ambiri amasankha wotchipa.

Mlonda wa Usiku: Ndinadziwa kuti yankho likhala limenelo. Ndimangofuna linenedwe.

Mlembi wa Komiti: Ndabweranso abale. Sitinadikire Lachisanu, tinakaonana ndi a Finance lero masana. Manambala atipatsa, ngakhale anayamba akana. Mwa ndalama zonse zomwe kampani yakonza, zoposa theka zikupita kwa anthu 12. Titayesa masitepe atatu aja, ndalama yonse ikupitirira pang'ono pokha pa yomwe anakonza, ndipo a Finance akuti zimenezo zokambirana. Chovuta ndi chomwe Agogo ananena: mamanijala anayi ali ndi makontirakiti olembedwa kuti kampani ilipira zonse, ndiye abwana ayenera kulankhula nawo kaye okha. Za anthu anayi osankha wekha a HR akuti akafunsa ku sikimu. Za amayi kuika amuna awo avomera pomwepo. Za alonda ndinazitchula, anandiyankha kuti si za komiti yathu, koma kontirakiti ya chitetezo ikutha mu Malichi ndiye ndazilemba mu maminitsi.

Akauntanti wa ku Limbe: Za kukwera kwa chaka chamawa munafunsa?

Mlembi wa Komiti: Ndinafunsa, anaseka n'kunena kuti tidzaona nthawi yake. Ndiye chimenecho chikhala choyamba pa ajenda.

Dalaivala Wakale: Mu komiti yanuyo muli dalaivala kapena wa ku warehouse?

Mlembi wa Komiti: Mulibe, tonse asanu ndi a mu ofesi. Ndawapempha asankhe awiri abwere nawo.

Dalaivala Wakale: Ndiye muonetsetse kuti a Transport asawatumize ku Mzuzu Lachinayi usiku. Ngati n'kotheka msonkhanowo muusunthire Lolemba m'mawa, malole asanatuluke.